Kagawidwe ka madzi m'mapaipi ofunditsa pansi pa nyumba ya heat pump

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri kuno ku England ikafika miyezi ya Disembala ndi Januwale ndi limodzimodzi: pabalaza pakuzizira ngati panja, koma m'bafa matailosi akuchita kuwotcha mapazi. Mwini nyumba akatopa amapita pa makina n'kukweza kutentha kwa madzi kuchoka pa madigiri 35 kufika pa 45. Pabalaza pamafundadi. Koma bilu ya magetsi ikabwera, mlandu wonse umagwera heat pump, makina a magetsi amene amakoka kutentha panja n'kufunditsa madziwo, amvekere makina achabechabe awa, bola boiler ya gasi. Nthawi zambiri makinawo amakhala alibe vuto lililonse. Chalakwika n'chakuti madzi oyenda m'mapaipi a pansi sakugawidwa molingana ndi zosowa za chipinda chilichonse.

Amene analimapo mbewu zamthirira kumudzi saona chachilendo pamenepa. Madzi akamatsika mu ngalande amathamangira munda wapafupi, ndipo wa kumapeto amangoona dothi louma. Mankhwala ake si kukumba chitsime china, koma kutsekako pang'ono pa minda yoyambirira kuti madzi afike kumathero. M'nyumba mwanu zilinso chimodzimodzi. Paipi ya m'bafa mwina ndi ya mamita 30 okha, pomwe ya pabalaza ndi ya mamita 90 kapena 100. Madzi amasankha njira yaifupi.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yokweza kutentha ndi ndalama. Heat pump imagwira bwino ntchito madzi akakhala ofunda chabe, osati otentha. Digiri iliyonse imene mwawonjezera imadya magetsi ochulukirapo ndi 2 kapena 3 peresenti. Mukakweza madigiri 10 chifukwa cha chipinda chimodzi, nyumba yonse ikulipira chipinda chimenecho nyengo yonse yachisanu. Pomwe kukonza kagawidwe ka madzi kumafuna zala zanu, pepala, cholembera ndi kudekha kwa masiku angapo basi.

Musanagwire chilichonse

Ngati muli pa lendi, yambani mwauza eni nyumba, kaya ndi munthu kaya ndi bungwe la nyumba. Ena mwa abale athu amene akukhala m'nyumba zatsopano za heat pump ndi alendi, ndipo si eni nyumba onse amalola kuti wina agwire zipangizozi. Ngati nyumba ndi yanu ndipo makina aikidwa posachedwa, kugawa madzi ndi ntchito imene wokuikirani amayenera kuichita asanachoke, choncho muli ndi ufulu womuitananso.

Sankhani nthawi yozizira ndithu. Kunja kukafunda makina amangoyaka n'kuzima, ndipo zimene mungayeze sizikuuzani zoona.

Kenaka pezani manifold. Imakhala mu kabati, kawirikawiri kunsi kwa masitepe kapena pafupi ndi thanki ya madzi otentha. Ndi zitsulo ziwiri zogona, china pamwamba china pansi, ndipo mapaipi onse a pansi amachokera ndi kubwerera pamenepo. Chitsulo chimodzi ndi chotumiza madzi, chimakhala ndi chizindikiro chofiira, ndipo pamwamba pake pali timabotolo toonekera mkati tokhala ndi manambala, nthawi zambiri kuyambira 0 mpaka 5. Timeneti ndi ma flow meter, ndipo manambalawo ndi malita oyenda pa mphindi imodzi. Chitsulo chinacho ndi cholandira madzi obwerera, chizindikiro chake ndi chabuluu, ndipo pa valavu iliyonse pamakhala kamutu koyera kamene kali ndi waya. Kameneko ndi actuator, kamene kamatsegula ndi kutseka valavu thermostat ya m'chipinda ikalamula. Paipi iliyonse yochoka pa chitsulo chofiira, n'kuzungulira pansi pa chipinda, n'kubwerera pa chabuluu, amisiri amati loop. Ine ndiziti mzere.

Jambulani manifold ndi foni makina akuyenda, manambala onse aoneke. Zinthu zikasokonekera mudzadziwa pobwerera.

Gawo loyamba: chotsani zotchinga madzi

Palibe phindu kugawa madzi amene sakuyenda bwino kuchokera kugwero. Onani geji ya pressure. Makina akazizira iyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Pa paipi yobwerera ku heat pump pamakhala sefa, mwina ya kawaya, mwina ya maginito, mwinanso zonse ziwiri. Zimitsani makina, tsekani mavalavu a mbali zonse ziwiri za sefa, itsukeni, ibwezeretseni. Ndinafikapo pa nyumba ina imene mwini wake anakhala akupotokola ma flow meter sabata yathunthu osaona kusintha, koma titatsegula sefa tinapeza yadzaza matope akuda. Titatsuka, mizere yonse inakwera yokha.

Chachiwiri ndi mpweya. Ngati chizindikiro cha mu flow meter chikudumphadumpha, kapena mukumva phokoso la madzi ngati akugudubuzika, mu mzerewo muli mpweya. Tsekani mizere ina yonse, musiye umodzi wokha wotsegula kwa mphindi zochepa kuti mphamvu yonse ya pampu ikankhe mpweyawo, kwinaku mukuutulutsa pa kavalavu ka kumapeto kwa manifold. Teroni mzere uliwonse paokha. Muzichita zimenezi pampu yokha ikuyenda, osati makina akufunditsa, chifukwa heat pump ikaona madzi achepa imaima n'kuonetsa vuto. Makina ambiri ali ndi pulogalamu yotulutsa mpweya, ndipo buku lake limafotokoza poipeza. Mukamaliza onaninso geji, chifukwa mpweya ukatuluka pressure imatsika.

Gawo lachiwiri: dziwani malita amene mzere uliwonse ukufuna

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tikhalapo pang'ono.

Kutentha kumene madzi amasiya m'chipinda kumadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa madzi odutsa, ndi madigiri amene madziwo atsika nawo kuchokera polowa kufika potuluka. Heat pump imakonda kusiyana kwa madigiri pafupifupi 5, mwachitsanzo madzi kutuluka m'makina ali pa 35 n'kubwerera ali pa 30. Lita imodzi pa mphindi, ikatsika ndi digiri imodzi, imasiya ma watt pafupifupi 70 (watt ndi muyezo wa mphamvu ya kutentha). Ikatsika ndi madigiri 5 imasiya 350. Masamu onse athera pomwepa: tengani ma watt amene chipinda chimataya, gawani ndi 350, yankho lake ndi malita pa mphindi.

Nanga ma watt a chipinda muwatenga kuti? Ku Britain, wokuikirani makina amene ali ndi satifiketi ya MCS, bungwe lovomereza amisiri oika makina otere, amayenera kuwerengera kutentha kumene chipinda chilichonse chimataya tsiku lozizira kwambiri. Amene munalandira thandizo la boma la £7,500 kudzera mu Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales, makina anu anaikidwa motsata MCS, ndiye pepala limenelo liyenera kupezeka m'mafailo amene anakusiyirani. Mawerengedwewo kawirikawiri amatenga madigiri 21 pabalaza, 18 kuchipinda chogona ndi 22 m'bafa.

Tiyerekeze nyumba yaing'ono yopanda chipinda cham'mwamba. Pabalaza pamataya ma watt 1,200 ndipo pali mizere iwiri yofanana kutalika, ndiye uliwonse unyamula 600, amene ndi malita 1.7 pa mphindi. Khitchini ndi 700, malita 2. Chipinda chogona ndi 450, malita 1.3. Pakolido ndi 350, lita imodzi. M'bafa ndi 280, malita 0.8. Zonse pamodzi ndi malita 8.5 pa mphindi. Ngati mizere iwiri ya m'chipinda chimodzi ndi yosiyana kutalika, gawani ma watt molingana ndi kutalika kwake, wautali utenge zambiri.

Tsopano tsegulani buku la makina anu muone malita ochepetsetsa amene amafuna. Heat pump ya 5 kW, kutanthauza ma watt 5,000, ikamagwira ntchito ndi mphamvu yake yonse pa kusiyana kwa madigiri 5 imafuna malita pafupifupi 14 pa mphindi. Ilinso ndi malire apansi amene madzi akachepa kuposa pamenepo imakana kuyenda, makamaka pa nthawi imene ikusungunula chisanu chimene chaundana pa makina a panja, chifukwa pa nthawiyo imatenga kutentha m'madzi a m'nyumba. Tinene kuti buku likufuna malita 11 pomwe inu mwapeza 8.5. Musadandaule. Chulukitsani mzere uliwonse ndi 1.4: pabalaza 2.4 uliwonse, khitchini 2.8, chipinda chogona 1.8, kolido 1.4, bafa 1.1. Kusiyana kwa madigiri kutsika kufika pafupifupi pa 3.6, ndipo zimenezo sizivulaza kanthu. Chofunika kwenikweni si nambala ya mzere umodzi paokha, koma gawo limene uliwonse ukutenga poyerekeza ndi anzake.

Pepala la ma watt likasowa pali njira ina imene amisiri ambiri amayambira: kutalika kwa mzere mu mamita kugawa ndi 40. Mzere wa mamita 80 upatsidwe malita 2, wa mamita 40 lita imodzi. Kutalikako mwina kunalembedwa pa chojambula cha mapaipi kapena pa manifold penipeni. Ngati sikunalembedwe, onani pa paipi pamene yatulukira pansi: mapaipi ambiri amadindidwa nambala mita iliyonse, ndiye kusiyana kwa nambala ya polowa ndi ya potuluka ndiye kutalika kwake. Njirayi ndi poyambira chabe. Sidziwa kuti chipinda china chili ndi mawindo aakulu ndi makoma awiri oyang'ana panja pomwe china chili pakati pa nyumba.

Gawo lachitatu: tsegulani zonse

Kwezani ma thermostat onse a m'zipinda kufika pamwamba, n'kudikira. Actuator siitsegula nthawi yomweyo, imatenga mphindi zitatu mpaka zisanu. Ine ndimakonda kungoyichotsa pa valavu, chifukwa ikachoka valavu imakhala yotsegula ndipo palibe chokayikitsa. Mukachotsa, ikani chizindikiro pa iliyonse kuti idzabwerere pamalo pake.

Flow meter imasinthidwa pa tsinde. Pamakhala kamphete, kawirikawiri kofiira, kamene mumakakweza kaye, kenaka n'kupotokola tsinde lakuda ndi zala. Kupotokolera kumanzere ndi kutsegula, kumanja ndi kutseka. Musagwire kabotolo koonekera mkati ndi sipanala, ndi pulasitiki ndipo kamasweka. Mukamva kuti tsinde lafika pothera, lekani, musakakamize, mungalizule madzi n'kudzaza kabati yonse.

Tsegulani mizere yonse mpaka pothera. Ngati pa manifold pali pampu yakeyake, iikeni pa constant pressure, pamene imakankha madzi ndi mphamvu yosasintha, ndiyo imayenerana ndi mapaipi a pansi. Yatsani makina, dikirani mphindi khumi, lembani zimene mzere uliwonse ukuonetsa. Powerenga gwadani kuti maso akhale molunjika ndi chizindikiro, chifukwa mukayang'anira pamwamba mulakwitsa ndi theka la lita.

Zimene muone sizikudabwitsani: bafa ndi kolido zili pa malita 3, pabalaza pali pa 1.

Gawo lachinayi: chepetsani kwa amene akudya zambiri

Pezani mzere umene watsalira kwambiri poyerekeza ndi zimene ukufuna. Kawirikawiri ndi wautali kuposa yonse. Umenewo muusiye wotsegula mpaka pothera, ndipo musaugwirenso mpaka ntchito ithe. Ngati pomaliza mupeza kuti mizere yonse mwaichepetsa, ndiye kuti pampu ikulimbana ndi mavalavu pachabe, ndipo muyenera kutsitsa liwiro lake m'malo motseka.

Yambani ndi mzere umene wapitirira kwambiri, pa chitsanzo chathu ndi bafa. Potokolani pang'ono, kotala chabe, dikirani chizindikiro chikhazikike, onaninso. Mukafika pa nambala yake pitani pa wotsatira. Muona kuti mukachepetsa umodzi, ina yonse ikukwera pang'ono, kuphatikizapo umene mwangoukonza kumene. Si kulakwitsa kwanu, ndi mmene madzi amachitira. N'chifukwa chake muyenera kuzungulira kawiri kapena katatu, ndipo ulendo uliwonse kusintha kumachepa. Musadzivute kufuna kulondola kopitirira muyeso. Timabotoloti sitiyeza mosamalitsa chotero, ndipo kuphonya ndi malita 0.1 kapena 0.2 pansi sipadziwa n'komwe.

Ndimapewa kutsitsa mzere kwambiri kunsi kwa lita imodzi, chifukwa madzi akayenda pang'onopang'ono chotero sakankha mpweya ndipo umaunjikananso. Kumbali inayi, paipi ya mamilimita 16 imene ili yaitali mamita 100 imayamba kuvuta mukafuna kudutsitsamo malita oposa 3.

Mukamaliza, onani pa makina malita onse amene akuyenda. Ambiri amaonetsa nambalayi. Ikhale pamwamba pa malire a m'buku. Ngati mzere wautali uja sunafikebe pa nambala yake pomwe ina yonse yakhala bwino, kwezani liwiro la pampu sitepe imodzi, n'kubwerezanso kuzungulira.

Gawo lachisanu: dikirani, n'kuyeza

Apa ndi pamene ambiri amagonjera. Simenti yokhuthala masentimita 5 mpaka 7 imatenga maola ambiri kuti ifunde kapena kuzizira. Mukasintha m'mawa, madzulo n'kuona ngati palibe chachitika, n'kusinthanso, mudzangozungulirazungulira osadziwa chimene chathandiza. Siyani makina ayende osazima kwa maola 24, kapena 48 ngati simenti ndi yokhuthala, zitseko za zipinda zili mmene zimakhalira masiku onse.

Kenaka yezani zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutentha kwa chipinda chilichonse, ndi thermometer imodzi yomweyo, pakati pa chipinda, kutali ndi windo ndi dzuwa. Chachiwiri ndi kutentha kwa paipi iliyonse yobwerera, pafupi ndi chitsulo chabuluu. Thermometer yomangirira pa paipi ndi yabwino koposa. Ngati muli ndi yoloza patali ija, lozani pa paipi ya pulasitiki kapena matani kathepi kakuda poyezerapo, chifukwa chitsulo chonyezimira chimainamiza.

Mapaipi obwerera ayenera kufanana, kusiyana kwake kusapitirire digiri imodzi kapena iwiri. Paipi imene ikubwerera yotentha pafupifupi ngati yopita ikulandira madzi ochuluka. Imene ikubwerera yozizira kwambiri kuposa zinzake ikuperewera. Amene mulibe pepala la ma watt komanso kutalika kwa mizere, njira iyi yokha ikhoza kukufikitsani, kungoti imatenga masiku ambiri.

Komabe woweruza womaliza ndi chipinda, osati paipi. Chipinda chikatentha kupitirira mmene mukufunira, chepetsani mzere wake ndi malita 0.2, dikirani tsiku. Chikazizira, onani kaye ngati mzere wake ungatseguke. Ngati unatseguka kale mpaka pothera, chepetsani pang'ono m'zipinda zotentha. Muzisintha mzere umodzi kapena iwiri pa tsiku, ndipo muzilemba.

Chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa: kuwonjezera madzi kuli ndi malire ake. Mzere umene unali pa theka la lita mukaufikitsa pa 1.5, chipinda chimasinthiratu. Koma kuchoka pa 2 kufika pa 3 kusintha kwake n'kochepa, chifukwa paipi yonse inali itafunda kale. Chipinda chikamazizirabe pomwe paipi yake yobwerera ndi yofunda ngati zinzake, vuto si madzi. Yang'anani pansi. Kapeti wokhuthala wokhala ndi choyala china chofewa kunsi kwake amatchinga kutentha, chimodzimodzinso sofa yaikulu yofika pansi ndi matiresi oyala pa simenti. Yang'ananinso mphepo yolowera m'mawindo ndi kunsi kwa chitseko.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsitsani kutentha kwa madzi

Phindu la ntchito yonseyi lili apa. Zipinda zikayamba kufunda mofanana, pitani pa makina, pa weather compensation, imene imasintha kutentha kwa madzi potengera kuzizira kwa panja. Itsitseni digiri imodzi, dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Nyumba ikadali yofunda, tsitsaninso. Tsiku limene mudzamve kuti kwayamba kuzizira, bwererani sitepe imodzi, pamenepo ndiye malo ake. Nyumba zambiri zomangidwa bwino zimafunda ndi madzi a madigiri 35 kapena kucheperapo ngakhale panja pali chisanu. Musadabwe pansi pakamamveka pofunda pang'ono chabe. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 1264 umati pansi pa chipinda chokhalamo anthu pasapitirire madigiri 29, ndipo opanga matabwa oyala pansi ambiri amaika malire pa 27.

Bwezeretsani ma actuator, koma ganizirani bwino za ma thermostat. Akamatseka mizere itatu mwa isanu ndi umodzi, madzi amachepa, makina amayamba kuyaka n'kuzima pafupipafupi, ndipo zimenezo zimadya magetsi komanso zimatopetsa kompuresa. Langizo langa ndi loti muwaike digiri imodzi kapena iwiri pamwamba pa kutentha kumene mukufuna, kuti azitseka pokhapokha dzuwa likawomba kwambiri kapena mukuphika nthawi yaitali. Kugawa kutentha kusiyireni ma flow meter.

Pobwezeretsa yesani chinthu chinanso. Tsitsani thermostat ya chipinda chimodzi, dikirani mphindi zisanu, muone ngati mzere umene watseka ndi wa chipinda chomwecho. Ndapezapo nyumba zingapo zimene thermostat ya chipinda chogona imatseka mzere wa pabalaza chifukwa mawaya anasinthanitsidwa pomanga, anthu n'kumavutika zaka osadziwa.

Pamene pafunika mmisiri

Nyumba zina zili ndi thanki yaing'ono pakati pa heat pump ndi manifold, imene amati buffer kapena low loss header, ndipo mbali iliyonse ili ndi pampu yake. Pamenepo malita a mbali ziwirizi ayenera kuyandikana. Pampu ya manifold ikathamanga kuposa ya makina, imakoka madzi obwerera n'kuwasakaniza ndi ofunda, ndiye makina atulutsa madigiri 38 koma pa manifold pafika 34. Yezani paipi yolowa m'thanki ndi yotuluka kupita ku manifold. Zikasiyana kuposa digiri imodzi kapena iwiri, tsitsani pampu ya manifold kapena itanani wodziwa aziyanjanitse. Manifold yakale ya nthawi ya boiler imakhalanso ndi valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Pa heat pump valavu imeneyi nthawi zambiri imangotayitsa madigiri amene mwawalipira, koma kuichotsa ndi ntchito ya pulambala.

Muitaneninso ngati flow meter siisuntha ngakhale mwatsegula, kapena yada mkati moti simungawerenge, kapena kachitsulo ka valavu ya kunsi kwa actuator kamamatira osakwera mukakadina. Ngati m'mapaipi anathiramo glycol yoteteza kuti madzi asaundane, masamu a 350 aja asintha pang'ono, chifukwa madzi osakanizawo amanyamula kutentha kochepa komanso ndi olemera poyenda, ndiye mizere ifunika malita ochulukirapo pang'ono. Pressure ikamatsika sabata iliyonse, lekani zonse, pena pake pakudontha.

Zikakhala bwino, tsitsani timphete tija kuti tsinde lisasunthe, lembani dzina la chipinda pa paipi iliyonse, ndipo pepala la malita, liwiro la pampu ndi tsiku limene mwakonza mulimate mkati mwa chitseko cha kabati. Chaka chamawa chisanu chikamayamba, tsukani sefa, kwezani ma thermostat kuti mizere yonse itseguke, n'kuyerekeza manambala ndi pepalalo.